Chikwangwani pa Nyumba ya Atelala

Malata anafika Loweruka masana pa kagalimoto kopanda denga kumbuyo. Atelala anali pakhonde pa makina awo osokera, akufupikitsa thalauza la mwini golosale, ndipo atamva kulira kwa malata akutsitsidwa, phazi lawo linaima lokha pa chopondera. Anasuzumira pamwamba pa magalasi. Malata atsopano, onyezimira mpaka kuthobwa m'maso, ankasanjidwa pansi pa mtengo wa mango. Akazi awo, amene aliyense ankawatchula kuti Amake Namwino, anali ataima pambali manja ali m'chiuno, akulangiza dalaivala ngati kuti akhala akutsitsa malata moyo wawo wonse.

Malatawo anawatumiza ndi mwana wawo wamkazi, namwino wa m'tauni, amene anatopa kumva mayi ake akudandaula pafoni mvula ikangogwa. Nyumbayo inali yaudzu, ya zipupa zadothi zokhuthala, ndipo anaimanga ndi bambo awo a Atelala, iwo ali kamwana kongoyamba kuyenda. Inali ndi khonde lozungulira mbali zonse, mizati yosemedwa ndi sompho, ndi khomo lalifupi loti munthu wamtali ankalowa atawerama, akaiwala ankatuluka ndi chotupa pamphumi. Amake Namwino analowa m'nyumbayo atangokwatiwa kumene, ndipo chaka chomwecho amuna awo anawalonjeza denga la malata. Lonjezolo linakula limodzi ndi ana. Ana anachoka, ena anabereka awo, lonjezo lili pomwepo. Chaka chilichonse mvula ikayamba, mayiwo ankayala mabeseni, ndowa ndi mapoto pabalaza, mpaka munthu wopita kuchipinda ankayenda modumphadumpha.

"Mwawaona?" anafunsa Amake Namwino galimoto itapita.

Atelala anati awaona. Anadzuka, anapita pansi pa mango paja, anagogoda lata limodzi ndi chala, n'kunena kuti malata a masiku ano ndi opyapyala ngati pepala. Kenako anati nkhani ya denga si yothamangira, chifukwa amisiri abwino ndi osowa. Mayiwo anawauza kuti asavutike, mmisiri anapezeka kale, ndipo abwera akangomaliza ntchito imene ali nayo kusukulu.

Atelala anabwerera pa makina, koma tsiku limenelo mwendo umodzi wa thalauza la mwini golosale unatuluka waufupi kuposa unzake.

Sikuti ankadana ndi malata. Vuto linali lakuti mmisiri yemweyo anawauzapo kale kuti nyumba imeneyo singalandire malata ili momwemo. Pankafunika kugwetsa khonde, kuchotsa mizati, kukweza zipupa ndi njerwa ndi kukulitsa khomo. Kunena zoona, pakanatsala dzina lokha la nyumba. Ndipo pakhonde pamenepo m'pamene Atelala anasokera moyo wawo wonse, pamalo ozizira bwino, pomwe kuwala kumabwera cha kumanzere ndipo munthu amaona aliyense wodutsa mumsewu. Panalinso china chimene chinkawaluma: malata amene analonjeza ndi iwo, wagula ndi mwana. Koma zonsezi sankadziwa kuzinena. Anali munthu wotha kulankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo za mpira, za nsalu ndi za boma, koma nkhani ikafika pamtima pawo, pakamwa pankadzaza mapini.

Sabata yotsatira kunabwera a Khansala a deralo ndi jekete lawo lakuda. Ankabwera nalo chaka chilichonse kuti likulitsidwe, ndipo chaka chilichonse ankati nsaluyo imabwerera ikachapidwa. Atelala ankavomereza kuti nsalu za mtundu umenewo zimaterodi, uku akuzunguliza tepi pamimba.

A Khansala, manja ali m'mwamba, anayang'ana mizati ndi kunena kuti nyumba ngati zimenezi zikutha. Anati kukhonsolo kwatsegulidwa kaofesi koona za nyumba zakale za kumidzi. Nyumba ikalembedwa kuti ndi cholowa cha dera lonse, amaiikira chikwangwani, ndipo palibe amene angaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo, ngakhale mwini wake.

Atelala anachotsa mapini pakamwa.

"Ngakhale mkazi wa mwini wake?"

"Lamulo silifunsa kuti ndi mkazi wa ndani," anatero a Khansala. Anapitiriza kufotokoza zina zimene mwini nyumba amayenera kuchita, koma Atelala anali atamva kale zimene ankafuna kumva. Mawu otsalawo anangowadutsa m'makutu.

M'mawa mwake anavala malaya oyera, anauza akazi awo kuti akukagula ulusi, n'kukwera minibasi.

Kaofesiko kanali kumapeto kwenikweni kwa nyumba ya khonsolo, kupitirira pamene amalonda amafola mzere kudikira ziphaso. Munali tebulo limodzi, kabati yachitsulo yosatsekeka, mapu ofiira ndi fumbi pakhoma, ndi duwa louma m'chitini pazenera. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wachitsikana wovala jombo, amene anaimirira ndi kuwapatsa mpando wokhawo wa alendo. Atamva chimene abwerera, anawafunsa kachiwiri kuti atsimikize. Anati chiyambireni ntchitoyo, anthu onse amene analowa pakhomopo ankafuna kudziwa mmene angagwetsere nyumba zawo khonsolo isanazione. Atelala anali oyamba kubwera okha kudzapereka yawo.

Zimenezi zinawapatsa mphamvu. Anafotokoza za bambo awo, mlimi wodziwa kusema, ndi mmene anamangira nyumbayo ndi manja awo. Nkhani ikupita, bambowo anayamba kutalika, mitengo ya mizati inayamba kuchokera kutali, ndipo pofika kumapeto anali ataisenza okha paphewa n'kuwoloka nayo mtsinje wodzaza. Mayiyo analemba zina, zina anangomwetulira. Anati abwera kudzaona yekha. Anafunsanso ngati onse okhala m'nyumbamo akuidziwa nkhaniyi, ndipo Atelala anayankha kuti kwa akazi awo sipadutsa tsiku osalankhula za nyumbayo. Limenelo silinali bodza.

Anabwerera kunyumba opanda ulusi. Amake Namwino atafunsa, anati mtundu umene ankafuna watha.

Mayi wa ku khonsolo anabwera Lachinayi pa njinga yamoto, ali ndi tepi yoyezera ndi kamera. Atelala anali atakonza zoti amuchingamire kumsewu n'kumunong'oneza kaye mmene zinthu zilili pakhomopo, koma nthawi imeneyo n'kuti atapita kukasiya thalauza lija kugolosale, ndipo mwini golosale anawachedwetsa ndi mafunso okhudza mwendo waufupi uja. Amene analandira mlendoyo anali Amake Namwino. Iwo atangoona tepi sanafunse zambiri. Anaganiza kuti watumidwa ndi mmisiri kudzayeza denga, ndipo anasangalala kuti masiku ano ngakhale atsikana akugwira ntchito zomanga. Anaika madzi a tiyi pamoto, anamanga nsalu m'chiuno, n'kugwira mbali ina ya tepi.

Pamene Atelala ankafika, ntchito inali itapita patali. Ataona njinga yamoto ija, anangozembera pakhonde n'kukhala pa makina. M'nyumbamo mlendo anali atagunda kale mutu pakhomo, ndipo ankadzisisita akuseka. Amake Namwino ankamutsogolera chipinda ndi chipinda, akumuonetsa chilema chilichonse cha nyumbayo: zenera lamatabwa loti mphaka wonenepa sangadutsepo, chitseko cholira ngati mbuzi, pansi padothi, mapaso akuda ndi mwaye, ndi malo onse odontha, amene ankawadziwa ngati mayina a ana awo. Chilichonse chimene ankaloza, mlendoyo ankachijambula maso akuwala.

"Ndiye zonsezi ndi zoyambirira, mayi? Palibe chimene chinasinthidwapo?"

"Mwanangu, m'nyumba muno simunasinthe ngakhale msomali," anatero Amake Namwino mokweza, kuti mawuwo akafike pakhonde. "Mmene ndinaipezera ndi momwemu. Uwafunse bambowo."

Pakhonde makina anayamba kulira mwamphamvu, ngakhale pansi pa singano panalibe nsalu.

Mlendoyo anapinda tepi yake. Anati wayendera nyumba zambiri koma yosungika chonchi sanaionepo, ndipo anawathokoza mayiwo chifukwa chosamala cholowa. Anati achita zotheka kuti komiti ya khonsolo ivomere, nyumbayo ikhale mmene ililimu mpaka zidzukulu za zidzukulu zidzaione.

Amake Namwino anayang'ana mlendoyo kuyambira kujombo kukwera m'mwamba, mpaka maso awo anaima pa kachizindikiro ka khonsolo kamene kanali pathumba la malaya ake. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, anawerama, n'kutulutsa mutu. Makina anasiya kulira.

"Ulusi uja ndi umenewu, bambo?"

Atelala anati nkhaniyo ndi yaitali. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi kansalu ka diresi la munthu.

Mayi wa ku khonsolo anazindikira kuti waponda pamoto. Anapepesa, ndipo anati ngati mayiwo sakufuna, nkhaniyo ithera pomwepo, chifukwa khonsolo silemba nyumba onse okhalamo asanavomere. Atelala anadikira mkuntho, koma sunabwere. Amake Namwino anathira tiyi, anakhazika mlendoyo pampando wabwino, n'kumuuza kuti afotokoze lamulolo lonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Anati amuna awo amawadziwa: nkhani amamva theka, theka linalo amasoka okha.

Mlendoyo anafotokoza. Zinali zoona kuti nyumba yolembedwa sigwetsedwa ndipo siikidwa malata. Koma mwini wake amalonjeza kuisamalira. Denga liyenera kufoleredwa lonse ndi udzu watsopano, mofanana ndi mmene linalili poyamba, osati kumangotseka mabowo ndi mapulasitiki. Zipupa ziyenera kumatidwa, chiswe chiyenera kuthamangitsidwa. Khonsolo imathandiza ndi udzu ndi mankhwala, koma manja ndi a mwini nyumba. Loweruka limodzi pamwezi nyumba imatsegulidwa kwa ana asukulu ndi alendo ena. Ndipo poopa moto, kuphikira m'nyumbamo kapena pakhonde n'koletsedwa. Chifukwa cha zimenezi, khonsolo imalimbikitsa banja kumanga kanyumba kena kumbuyo, pamalo pomwe sikangatchinge nyumba yakaleyo kwa munthu woima kumsewu.

"Kumbuyo," anatero Amake Namwino, akuwalawa mawuwo ngati shuga. "Kanyumba kameneko kangakhale ka malata?"

"Ka malata, ka njerwa, ka mazenera agalasi, mmene mungafunire, mayi. Kameneko khonsolo sikayang'ana."

"Ndipo manja ofolera yakaleyi ndi a mwini nyumba."

"Eya, mayi."

Amake Namwino anatembenukira kwa amuna awo ndi nkhope yokoma imene Atelala anali asanaione kwa zaka zambiri. Anati iwo ndi ndani kuti alimbane ndi mbiri. Anavomera.

Tsiku limene komiti inakhala, onse awiri anapita. A Khansala analankhula nthawi yaitali atavala jekete lawo lakuda, koma amene anaigwira mtima komitiyo anali Amake Namwino. Atapatsidwa mpata anaimirira, anakonza mpango kumutu, n'kunena kuti nyumba imene yapirira amuna awo zaka zonsezi osagwa ndi yoyenera ulemu wa boma. Anthu anaseka, manja anakwera m'mwamba, ndipo pasanapite nthawi anyamata a khonsolo anabwera kudzazika chikwangwani chobiriwira pafupi ndi khonde. Atelala anajambulitsa ataima pambali pake, dzanja lili pamwamba pa chikwangwanicho ngati paphewa la mwana amene wakhoza mayeso. M'mawa uliwonse ankachipukuta, ndipo kasitomala aliyense ankayamba wachiwerenga asanayezedwe.

Kenako ntchito zinabwera, ndipo zinabwera ziwiri nthawi imodzi. Kumbuyo mmisiri anayamba kukumba maziko a kanyumba katsopano. Namwino atamva nkhani yonse pafoni anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti iye mbali yake anamaliza, njerwa ndi simenti ndi za bambo. Atelala anasoka mayunifolomu asukulu, madiresi a kwaya ndi makatani a malo ogona alendo, mpaka maso anafiira ndipo bondo lakumanja linayamba kupalasa lokha ngakhale ali pachakudya. Kutsogolo nako, galimoto ya khonsolo inatsitsa mitolo ya udzu yofika m'khosi.

Apa panabuka vuto lina. Atelala ankaopa kukwera pamwamba. Zaka zonsezi denga ankalikonza ali pansi, akukankhira pulasitiki m'bowo ndi mtengo wautali. Khonsolo inawapezera mkulu wina wodziwa kufolera mwakale, koma mkuluyo mawondo anali atatha, moti anati iye aphunzitsa ali pansi. Anakhala pampando pamthunzi, ndodo ili m'manja yolozera. Amake Namwino anadzipereka kugwira makwerero.

Tsiku loyamba Atelala anangofika pakati pa makwererowo, anayang'ana pansi, n'kukumbatira nsonga ya phaso ngati m'bale amene anasowa kalekale.

"Mukamagwa mugwere chakumsewu, bambo," anatero Amake Namwino. "Mungaphwanye cholowa."

Koma manja awo anagwira makwererowo zolimba, ndipo sanawasiye mpaka amuna awo anaponda pansi.

Tsiku lachiwiri anafika padenga. Atakhazikika, anaona chinthu chimene sankachiyembekezera: kufolera kunali kusoka. Mtolo umagona pamwamba pa unzake ngati nsalu pa nsalu, chingwe chimalowa, chimatuluka, umakoka, umamanga. Manja awo anaizindikira ntchitoyo mutu usanaimvetse. Pomwe ankafika mbali ya kumsewu n'kuti akuimba mluzu pamwamba, akupatsa moni odutsa, ndipo anayamba kutsutsana ndi mkulu wa pampando uja kuti mzere wina wakhota. M'mphepete mwa denga anadula okha udzu, ndipo unawongoka ngati mpendero wa siketi ya mkwatibwi.

Zipupa zinabwera pambuyo. Amake Namwino anali atalengeza kuti kumata si ntchito yawo, chifukwa lamulo linanena momveka kuti manja ndi a ndani. Anakhala pakhonde n'kumaonerera amuna awo akuponya dothi pachipupa, likugwa, akulitola, likugwanso. Anapirira mpaka masana. Kenako anadzuka, anati diso lawo silingathe kuona zoterezi, anawakankhira pambali n'kugwada okha.

Anamata limodzi mpaka kufika kuseri kwa chipinda chogona, pamene kwa zaka zambiri panatsamira mgolo wakale wa dzimbiri. Ataukunkhuniza, Amake Namwino anatapa dothi, koma amuna awo anawagwira dzanja.

"Apa musamate."

M'munsi mwa chipupa, pafupi ndi ngodya, munali zidindo ziwiri za manja, zouma m'dothi. China chinali chachikulu, cha zala zokhuthala. Pambali pake panali kakang'ono, tizala take totambasuka. Atelala anati chachikulucho ndi cha bambo awo. Kakang'onoko sanakatchule. Anangoti mgolowo anauika dala kuti mvula isamawombe pamenepo, ndipo mmisiri akanati ayambe kukweza zipupa, akanayambira chimenechi.

Amake Namwino anayang'ana kadzanja kaja nthawi yaitali, kenako anayang'ana dzanja la amuna awo, lodzaza dothi ndi zipsera za singano.

"Bwanji simunanene?"

"Mukanamva?"

Mayiwo anaganiza kaye. "Ayi," anatero. "Koma mukananena."

Anamata mozungulira zidindozo ndi nsonga za zala, mosamala, osakhudza ngakhale chala chimodzi.

Loweruka loyamba la alendo, kunabwera mphunzitsi ndi ana a kalasi yake. Atelala anavala taye, anaima pafupi ndi chikwangwani, n'kuyamba mbiri ya nyumbayo. Mtsinje umene bambo awo anawoloka ndi mizati unali utakula, ndipo tsopano munali ng'ona. Ana anamvetsera mwaulemu, kenako ena anayamba kuyasamula, ena kuyang'ana mango. Amake Namwino ankadutsa ndi ndowa ya madzi, ndipo mphunzitsiyo anawafunsa mongocheza kuti kukhala m'nyumba yotereyi kumakhala bwanji. Mayiwo anatula ndowa. Anawauza za khoswe amene anagwa kuchokera kudenga n'kutera m'kapu ya mlendo wolemekezeka, ndi mmene mlendoyo anathokozera tiyi akutuluka chafutambuyo mpaka kugunda mutu pakhomo. Anawauza za nkhuku imene inaikira mazira pamwamba pa chipupa, anapiye n'kumagwa mmodzimmodzi pabedi. Anawo anawatsatira m'nyumba monse akufa ndi kuseka, ndipo Atelala anatsala okha ndi taye yawo ndi ng'ona zawo.

Kuyambira pamenepo, alendo akafika ankafunsa kuti mayi aja alipo. Wina anapempha kujambula makina osokera, n'kuwauza Atelala kuti asunthe pang'ono akutchinga. Iwo anakadandaula kwa mayi wa ku khonsolo kuti mbiri ikuwonongeka ndi nkhani za makoswe. Mayiyo anawayankha kuti zonse ziwiri ndi mbiri, ndipo akuzilemba zonse, kupatula ng'ona.

Kanyumba ka kumbuyo kanatha mitambo itayamba kusonkhana. Kanali ka zipinda ziwiri ndi khitchini, pansi pa simenti, mazenera agalasi, ndi khomo loti munthu ankalowa ali chilili. Amake Namwino analowa ndi kutuluka pakhomopo kangapo popanda chifukwa, mutu uli m'mwamba. Anasamutsa bedi, wailesi, mapoto ndi mpando wabwino uja. Atelala anati mwini cholowa sathawa cholowa chake, ndipo anatsala m'nyumba yakale ndi mkeka. Msana unawalangiza kwa masiku ochepa, ndipo tsiku lina anaoneka akulowa kumbuyo ndi pilo m'khwapa, akunena kuti angobwera kudzaona ngati mmisiri anakhoma bwino malata. Makina okha anatsala pakhonde lakale, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kumeneko ngati munthu wopita ku ofesi.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, ya mphepo. Atelala anaimitsa makina n'kulowa pabalaza la nyumba yakale. Anaima pakati, nkhope ili m'mwamba, akudikira dontho loyamba. Silinabwere. Anayendera zipinda zonse, akupapasa pansi ndi phazi. Monse munali gwa, mouma, ndipo mvula inkangomveka chapansipansi ngati anthu akunong'onezana panja. Anatola ambulera n'kuthamangira kumbuyo.

M'kanyumba katsopano munali phokoso ngati anthu akukhuthulira miyala padenga. Amake Namwino anali atakhala pampando wabwino, khutu lili pa wailesi.

"Sikudontha!" anakuwa Atelala. "Ngakhale dontho limodzi!"

Mayiwo anawayang'ana, analoza malata, analoza makutu awo, n'kupukusa mutu akumwetulira. Atelala anabwereza, akuonetsa ndi manja. Mayiwo anapukusanso mutu n'kubwezera khutu pa wailesi. Mpaka lero Atelala amakhulupirira kuti mayiwo anamva bwinobwino. Nkhaniyo anaisiya pomwepo, chifukwa ali m'njira kubwerera pakhonde anazindikira kuti ikapitirira, funso lotsatira likhala lakuti n'chifukwa chiyani denga limenelo silinafoleredwe chonchi kalekale.

Mvula inatha, kuzizira kunabwera n'kupita, kenako dzuwa linakwiya. Masana kanyumba ka malata kankatentha ngati uvuni, moti sopo ankafewa pazenera. Amake Namwino sanadandaule ngakhale kamodzi. Aliyense wowafunsa ankamuuza kuti nyumba yatsopano ndi yabwino kwambiri, uku akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Atelala anawaona akudutsa pakhonde ndi mkeka m'khwapa, akuwerama pakhomo lalifupi lija. Atawafunsa, anati akukayendera chiswe monga mmene lamulo likunenera. Atelala anafunsa kuti nanga mkekawo ndi wa chiyani. Mayiwo anati chiswe chimamveka bwino munthu atagona pansi.

Kuyendera chisweko kunakhala kwa tsiku ndi tsiku, chakudya chamasana chikangotha. Posakhalitsa Atelala anaona kuti ntchito yaikulu chonchi si yosiyira munthu mmodzi, ndipo nawonso anayamba kubwera ndi mkeka wawo. M'nyumbamo munkazizira ngati m'mtsuko, mukununkhira udzu watsopano ndi dothi.

Loweruka lina onse awiri anaiwala kuti ndi tsiku la alendo. Mayi wa ku khonsolo anafika ndi akuluakulu angapo ochokera ku khonsolo ya dera lina, amene ankafuna kuona mmene ntchito yosunga nyumba zakale imayendera. Anapeza makina ataphimbidwa, chitseko chili chotsegula. Anaodira motsitsa, osayankhidwa. Anawerama mmodzimmodzi n'kulowa, ndipo maso atazolowera mdima, anaona anthu awiri atagona pabalaza, aliyense pamkeka wake. Atelala anali chagada, magalasi ali pachifuwa, akuliza mkonono wosathamanga.

Mmodzi wa alendowo, bambo wa suti yotuwa, ananong'oneza mayi wa ku khonsolo kuti kodi awanso ndi otetezedwa ndi khonsolo.

"Awo okha, bambo," anayankha Amake Namwino osatsegula maso. "Ine ndimakhala kumbuyo."

Alendowo anadzigwira pakamwa. Anayenda monyang'ama, anaona mapaso, anaona zenera, anajambula zimene anajambula, n'kutuluka.

Atelala anadzuka dzuwa litapendeka. Anavala magalasi, anadziwongola, n'kufunsa ngati kunabwera munthu. Amake Namwino anati kunabwera anthu a suti, ndipo anawajambula. Atelala anakhala tsonga. Anafunsa ngati pakamwa panali potseka. Mayiwo anapinda mkeka wawo, anati zimenezo akafunse kukhonsolo, n'kupita kumbuyo kukaika madzi a tiyi.